Phunziro 10: Makutu Akatseka, Nzeru Zisatsekeredwe

Febuluwale 28 – Malichi 6

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Levitiko 19:14. Lipezeni m'Baibulo lanu, mulilembe ndi dzanja lanu, ndipo muliloweze pamtima.

Ganizo Lalikulu: Munthu wamsinkhu wapakati amene makutu ake atseka sanataye nzeru ayi. Koma tikamsiya yekha wopanda wocheza naye, nzeruzo zikhoza kufookadi. Chotero banja ndi mpingo zili ndi mbali yaikulu pa kusunga maganizo ake.

M'chinenero chathu liu lakuti "kumva" lisenza katundu wambiri. Timamva mau ndi makutu, timamva tanthauzo la nkhani, timamva malangizo a makolo, ndiponso timamva kuwawa. Nchifukwa chake tikanena kuti "uje ngwosamva," womvera sadziwa msanga ngati tikunena za munthu wodwala makutu, wamwano, kapena wopepera. Liu limodzi lomweli laweruza anthu ambiri osalakwa.

Tiyerekeze mpingo waung'ono m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kufupi ndi Chisenga m'boma la Chitipa, mapiri amene ali m'malire a Malawi ndi Zambia, kumene mtsinje wa Luangwa uyambira. Mumpingomo muli mbale wa zaka 52, msungichuma wokhulupirika, amene anagwira ntchito pa chigayo zaka zambiri. Masiku ano akafunsidwa za kum'mawa, ayankha za kumadzulo. Zimene komiti inagwirizana sabata yatha, iye sazikumbukira. M'kalasi ya Sukulu ya Sabata angokhala duu. Ena ayamba kunong'onezana kuti, "Mutu wa bambo aja wayamba kusokonekera," ndipo pali maganizo akuti udindo wake upatsidwe kwa wina.

Kodi chatha ndi chiyani mwa mbale ameneyu, makutu kapena nzeru? Sabata ino tifuna kuyankha funso limeneli moona ndi mwachifundo.

TSIKU LOYAMBA, Malichi 1

KHUTU NDI BONGO ZIGWIRA NTCHITO PAMODZI (Miyambo 20:12, Masalmo 139:14).

Kodi Solomo anena kuti khutu linachokera kwa yani? Kodi zimenezi zitiphunzitsa chiyani za mtengo wake? Miy. 20:12.

Mau akalowa m'khutu agwedeza nembanemba yopyapyala yonga chikopa cha ng'oma. Kugwedezekako kudutsa m'timafupa titatu tating'ono kwambiri, kufikira m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse, timene tisandutsa kugwedezeka kuja kukhala uthenga wopita ku bongo. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Tsono khutu lingotola mau. Amene amasulira ndi kusunga mauwo ndi bongo.

Mphamvu ya phokoso iyesedwa ndi muyeso wotchedwa desibelo. Kucheza kwa masiku onse kuli pafupifupi madesibelo 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO liwerengera munthu kuti ali ndi vuto lalikulu la kumva pamene, ngakhale ndi khutu lake labwinopo, sangamve mau ochepera madesibelo 65. Munthu wotere ataya pafupifupi macheza onse a pabwalo.

Nanga kuiwala kubwera bwanji? M'chaka cha 1968 katswiri wa za maganizo wa ku Britain, Patrick Rabbitt, anayesa anthu akumva bwino powamvetsera mndandanda wa manambala. Pamene manambala omalizira anamveka pakati pa phokoso, anthuwo anaiwala ngakhale oyambirira, amene anawamva bwino lomwe. Mphamvu imene bongo ukanasungira zomva inathera pa kulimbana ndi mau osamveka.

Taganizani mayi wosenza mtolo wa nkhuni potsika phiri m'njira yoterera ndi mvula. Maganizo ake onse ali pa phazi. Mukamuuza uthenga panthawiyo, pofika kunyumba waiwala. Sikuti mayiyo ndi wopusa, koma katundu wamlemera. Umu ndi m'mene mbale wathu akhalira tsiku lonse: alumikiza zidutswa za mau, ayang'anitsitsa milomo, aganizira chimene mwina chanenedwa. Pofika madzulo watopa, ndipo chimene sanachimve bwino sangachikumbukire.

Kodi munayamba mwamvetsera wailesi yofooka mabatire, kapena foni pamalo povuta netiweki? Munakumbukira zochuluka bwanji? Kodi mukanamva bwanji mukanakhala chotero tsiku ndi tsiku?

TSIKU LACHIWIRI, Malichi 2

TISAWERUZE TISANAFUFUZE (1 Samueli 1:9-18, Miyambo 18:13).

Kodi Eli anaona chiyani, ndipo analakwitsa potani? Anachita chiyani atazindikira choona? 1 Sam. 1:12-17.

Eli anaona milomo ya Hana, naweruza mtima wake. Anamyesa woledzera munthu amene anali kupemphera. Ifenso tikhoza kuona yankho losokonekera, ndi kumyesa munthu wozerezeka. Ngakhale kuchipatala, ngati mafunso oyesa chikumbumtima cha zinthu afunsidwa pakamwa pokha, wosamva bwino akhoza kulephera pamene nzeru zake zili bwinobwino. Nchifukwa chake makutu ayenera kuyesedwa poyamba.

Komabe pali choona china chimene sitiyenera kuchibisa. Ofufuza apeza kuti kusamva kwa nthawi yaitali kuyendera limodzi ndi kufooka kwa maganizo.

M'chaka cha 2011 Dr. Frank Lin ndi anzake a ku Johns Hopkins, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 639 kwa zaka pafupifupi 12. Poyerekeza ndi akumva bwino, amene anali ndi vuto laling'ono la kumva anali pa chiopsezo chowirikiza kawiri cha nthenda yoiwala imene madokotala aitcha dementia. A vuto lapakati, katatu. A vuto lalikulu, pafupifupi kasanu, ngakhale kuti anthu a gulu lomalizali anali ochepa kwambiri. M'chaka cha 2024 ofufuza a ku France anafalitsa za anthu oposa 62,000 a zaka 45 mpaka 69, ndipo anaona kuti kufooka kwa maganizo kunali kochuluka pakati pa osamva bwino, makamaka amene vuto lao linali lalikulupo. M'chaka chomwecho gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gill Livingston wa ku London, polemba m'magazini ya zachipatala ya Lancet, linatchula zinthu 14 zotheka kuzipewa kapena kuzichepetsa zimene zikhudzana ndi nthendayi. Linati mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 7 akhoza kuwerengedwa pa vuto la kumva la pamsinkhu wapakati.

Tiwerenge manambala awa mosamala. Iwo asonyeza chiopsezo, osati chiweruzo. Osamva ambiri akalamba ndi nzeru zao zonse. Ndiponso zinthu ziwiri zikayendera pamodzi, sindiye kuti chimodzi ndicho chabala chinzake nthawi zonse. Nthawi zina matenda a mitsempha ya magazi aononga khutu ndi bongo pamodzi. Tikumbukirenso kuti abale athu obadwa osamva, amene alankhula chinenero cha manja, ali ndi chinenero chokwanira ndi nzeru zokwanira. Nkhani yathu ndi ya munthu amene anakula ndi mau, kenaka mauwo namthawa.

Kodi ndi angati m'mudzi mwanu amene anatchedwa amisala, amwano, ngakhale afiti, pamene vuto lao linali la makutu chabe? Kodi Miyambo 18:13 atichenjeza chiyani?

TSIKU LACHITATU, Malichi 3

KUSAMALA MPHATSO YA KUMVA (1 Akorinto 6:19, 20, 3 Yohane 2).

Lero, pamene dziko lathu likumbukira amene anafera ufulu wake, maiko onse akumbukiranso tsiku la kumva ndi kusamala makutu. M'chaka cha 2021 bungwe la WHO linalengeza kuti anthu oposa 1.5 biliyoni anali ndi vuto lina la kumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo anafunika chithandizo.

Ngati thupi ndi kachisi, kodi udindo wathu pa makutu ndi wotani? 1 Akor. 6:19, 20.

Zinthu zambiri zotseka makutu kwathu kuno nzotheka kuzipewa.

1. Phokoso. Kukhala maola asanu ndi atatu tsiku lililonse m'phokoso loposa madesibelo 85 kupha timaselo tija pang'onopang'ono. Ogwira ntchito pa chigayo, ocheka matabwa ndi makina, ndi okhala pafupi ndi zokuzira mau ayenera kuteteza makutu ao. Chizindikiro nchapafupi: ngati muyenera kufuula kuti mnzanu amene mungamkhudze ndi dzanja akumveni, phokosolo laonjeza. Mipingo yathu isadziyese yosalakwa pa nkhani ya zokuzira mau.

2. Matenda. Khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi malungo aakulu zikhoza kusiya munthu wosamva. Katemera ndi kufulumira kuchipatala zipulumutsa makutu ambiri. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi fodya nazo ziononga timitsempha todyetsa khutu ndi bongo.

3. Mankhwala ena. Jakisoni wa streptomycin, kanamycin kapena gentamicin, ndiponso kwinini, zikhoza kuvulaza khutu. Mankhwala amenewa apulumutsa miyoyo, ndipo sitiyenera kuwaleka patokha. Koma makutu akayamba kulira, tiuze dokotala msanga.

4. Zotokosera. Chitsotso cha machesi, nthenga, kapena madzi a masamba siziyenera kulowa m'khutu. Phula lotseka khutu lichotsedwe ndi wachipatala. Ena amene anadziyesa ogontha anamvanso tsiku lomwelo.

Kwa mbale wa ku Mafinga ulendo uyambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, monga cha mpingo wathu cha Chambo, kenaka chipatala cha boma ku Chitipa, chimene chikhoza kumtumiza kwina. Malo oyesa makutu ndi kupereka timakina tothandiza kumva anakhazikitsidwa pa African Bible College ku Lilongwe ndi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendowo ndi wautali ndi wodula; apa ndi pamene thumba la osowa la mpingo ndi gulu la Dorika zingaonetse ntchito yao.

Kodi timakinato titeteza nzeru? Kafukufuku wa ku America wotchedwa ACHIEVE, wofalitsidwa mu 2023, anatsatira anthu 977 a zaka 70 mpaka 84 kwa zaka zitatu. Pa gulu lonse sipanaoneke kusiyana. Koma pakati pa amene anali kale pa chiopsezo chachikulu, kufooka kwa maganizo kunachedwa pafupifupi ndi theka. Sitingalonjeze tsono kuti kachipangizo kaletsa nthenda yoiwala. Chimene kachita mosakayikitsa ndi kubwezera munthu pakati pa anzake.

TSIKU LACHINAYI, Malichi 4

KUSUNGULUMWA PAKATI PA ANTHU (2 Samueli 19:31-39, Masalmo 38:11-14, Mlaliki 4:9, 10).

Nchifukwa ninji Barizilai anakana kupita ku Yerusalemu ndi mfumu Davide? 2 Sam. 19:34-37.

Barizilai wa ku Gileadi anali ndi zaka 80. Pakati pa zifukwa zimene anapereka, anatchula kuti sanathenso kumva mau a oimba. Taonani kuti kalankhulidwe kake kanali ka munthu wanzeru ndithu. Komabe kusamva kunamchititsa kudzipatula ku chisangalalo cha anzake. Iye anali atakwaniritsa zaka zake. Koma mbale wathu ali ndi zaka 52 zokha. Ali ndi munda woti alime, ana a kusekondale, ndi milandu ya pabanja yoti aweruze. Akadzipatula lero, atsala ndi zaka zambiri za kukhala chete.

Kudzipatulako sikubwera tsiku limodzi. Poyamba munthu afunsa kuti, "Mwati bwanji?" Akafunsa kachitatu, wina ayankha kuti, "Basi, zilibe ntchito." Tsiku lina ayankha molakwika, anthu naseka. Kuyambira pamenepo aphunzira kungogwedeza mutu ndi kumwetulira. Aleka kupita kumsika, aleka kulankhula pamaliro, asiya kwaya, ndipo potsiriza Sabata limpeza ali kunyumba.

Bongo ufanana ndi munda: ukapanda kulimidwa umera thengo. Kucheza ndiko khasu lake, pakuti pocheza munthu akumbukira maina, atsatira nkhani, asankha mau ndi kuyankha. Akatswiri a Lancet aja anaika kusungulumwa ndi kupsinjika maganizo pa mndandanda womwewo wa zinthu 14. Chotero vuto limodzi liitana anzake awiri. Makolo athu anaona kale pamene anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Werengani Masalmo 38:11-14. Kodi wamasalmo alumikiza bwanji kutalikira kwa abwenzi ndi kukhala ngati wosamva ndi wosalankhula?

Tsono tibwerere ku vesi loloweza. Lamulo liletsa kutemberera wogontha ndi kuika chokhumudwitsa pamaso pa wakhungu, ndipo chifukwa chake ndi kuopa Mulungu. Wogontha sangamve temberero, koma Yehova alimva. Kodi si temberero kunena za munthu iye ali pomwepo ngati kuti palibe? Kodi si chokhumudwitsa kumchotsa pa udindo popanda kumfunsa?

Ndani amene anasiya kubwera ku kalasi yanu mwakachetechete? Kodi munafufuza chifukwa chake?

TSIKU LACHISANU, Malichi 5

NJIRA YA YESU (Marko 7:31-37, Luka 1:59-64, Nehemiya 8:8).

Lembani mwandondomeko zonse zimene Yesu anachita asananene liu lililonse kwa munthu wogontha wa ku Dekapoli. Marko 7:33, 34.

Yesu akanatha kumchiritsa ndi liu limodzi ali patali. Koma anamchotsa m'khamu, kumene kunali phokoso ndi maso ambiri. Anakhudza makutu ake, nakhudza lilime lake, nayang'ana kumwamba. Zonsezi zinali chilankhulo chimene munthuyo akanatha kuchiona ndi kuchimva m'thupi. Asanatsegule makutu ake, Ambuye anayamba walemekeza nzeru zake pomdziwitsa chimene chinali kuchitika.

Achibale a Zakariya nawonso sanamlumphe pa nkhani ya dzina la mwana wake. Anamfunsa ndi manja, iye napempha cholembapo, ndipo yankho lake ndilo linathetsa mkangano (Luka 1:62, 63). M'masiku a Nehemiya, Alevi anawerenga momveka ndi kutanthauzira kuti anthu azindikire (Neh. 8:8).

Nazi zimene kalasi iliyonse ingayambe Sabata likudzali, popanda ndalama:

Muyambe mwamkodola munthuyo kuti akuyang'aneni, ndipo nkhope yanu ikhale poyera, osaphimba pakamwa.

Lankhulani momveka ndi mosathamanga, koma osakalipa. Kufuula kupotoza mau ndi milomo yomwe.

Akapanda kumva, nenani ndi mau ena. Musanene konse kuti, "Zilibe ntchito."

Alankhule munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo mphunzitsi abwereze funso la wophunzira asanaliyankhe.

Kalasi yake ikhale pamalo achete. Makalasi anayi m'chipinda chimodzi, mvula ikugunda pa malata monga ichitira miyezi ino, ndi chipsinjo ngakhale kwa akumva bwino.

Mavesi, manambala a nyimbo ndi zigamulo za komiti zilembedwe pa bolodi kapena pa pepala.

Ku Chitipa, kumene m'mpingo umodzi mungakhale olankhula Chilambya, Chitumbuka, Chinyiha ndi Chindali, tikumbukire kuti munthu amva mosavuta chinenero chimene anayamwira. Wina akhale pambali pake ndi kumfotokozera m'chinenero chakwao.

Kumene kuli olankhula ndi manja, achinyamata aphunzire chinenerocho. Bungwe la anthu osamva la MANAD, ndi sukulu za ana osamva monga za ku Karonga ndi Embangweni, ndiwo eni luso limeneli.

Koposa zonse, musamlande ntchito imene aikhoza. Kuwerengera chuma kufuna maso, dzanja ndi kukhulupirika. Zonsezi mbale wathu ali nazo. Koma ngati, atathandizidwa kumva, asocherabe m'njira yozolowera, kapena alephera ntchito zimene anazidziwa kuyambira kale, apite naye kwa dokotala mwaulemu, pakuti pamenepo pangakhale nthenda ina.

TSIKU LACHISANU NDI CHIMODZI, Malichi 6

KUPITIRIZA KUPHUNZIRA: Werengani 1 Akorinto 12:14-26 ndi Yesaya 35:3-6.

Paulo aphunzitsa kuti ziwalo zooneka zofooka nzofunika, ndi kuti chimodzi chikavutika thupi lonse livutika nacho. Ellen G. White, m'buku lake la The Ministry of Healing lofalitsidwa mu 1905, anaphunzitsa kuti maganizo ndi thupi nzolumikizana kwambiri, kotero kuti chimodzi chikadwala chinzake chikhudzidwa. Zimene taona sabata ino zigwirizana ndi chiphunzitso chimenecho. Yesaya alonjeza tsiku limene makutu a ogontha adzatsegulidwa. Koma m'mutu womwewo atilamula kulimbitsa manja ofooka lero lino. Chiyembekezo cha mawa sichichotsa ntchito ya lero.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Tiyerekeze kuti inu muli m'komiti ya mpingo wa m'munsi mwa Mafinga uja, ndipo dzina la msungichuma lafika pa tebulo. Kodi ndi zinthu ziti zitatu zimene ziyenera kuchitika chigamulo chisanaperekedwe? Ndani adzalankhula naye, ndipo motani?

2. Aroma 10:17 alumikiza chikhulupiriro ndi kumva. Kodi vesili litanthauza makutu okha? Kodi uthenga ufika bwanji kwa amene makutu ao atseka?

3. Ambiri achita manyazi kuvomera kuti samva bwino, kapena kuvala kachipangizo kothandiza kumva, pamene magalasi a maso avala monyadira. Kodi mpingo ungachotse bwanji manyazi amenewa?

4. Kodi ndi mau ati amene tiwagwiritsa ntchito potchula anthu osamva, amene sitikanawanena iwo akanakhala akumva?

MWACHIDULE: Kusamva kulemetsa bongo, kubisa nzeru zimene zilipo, ndipo kukaphatikizana ndi kusungulumwa kukhoza kufooketsa nzeruzo. Makutu ayenera kutetezedwa, kuyesedwa ndi kuthandizidwa msanga. Sitingathe tonse kutsegula makutu monga anachitira Yesu, koma tonse tikhoza kumtengera mbale wathu pambali, kumyang'ana kumaso, ndi kubwereza mau athu kufikira atamva.